Lipoti la mayi woluka wa ku Mangochi amene wafika pophunzitsa ena ndi kuyang'anira maoda

Lipotili likunena za mayi wina wa m'mudzi umene uli m'mbali mwa msewu wochokera m'tauni ya Mangochi kupita ku Monkey Bay, amene ndakhala ndikuwayendera monga mlangizi wa magulu a ntchito zamanja. Lero mayiwa ali ndi makina awiri olukira majuzi, akuphunzitsa achinyamata, ndiponso ndi amene amalandira maoda m'malo mwa gulu la amayi oluka mikeka ndi madengu a mlaza. Dzina lawo ndi la mudzi wawo sindizitchula. Ndalemba nkhani yawo chifukwa alangizi ambiri, ngakhalenso mabungwe opereka thandizo, amaganiza kuti woluka amakwera pa ntchito tsiku limene wapeza makina, pamene kwa mayiwa makina anatsala pang'ono kuwagwetsa, ndipo chimene chinawakweza chinali kutha kuluka chinthu chimodzimodzi mobwerezabwereza popanda kusiyana, komanso kudziwa mtengo wake asanakhudze ulusi.

Kumene anayambira

Mayiwa anayamba ndi mlaza ali kamtsikana, monga ana ambiri a m'mbali mwa nyanja, ndipo agogo awo ndi amene anawaonetsa kusankha masamba anthete amene sanatambasuke, kuwayanika, kuwang'amba mofanana ndi kuluka timizere timene pambuyo pake timasokedwa pamodzi kukhala mkeka. Kuluka ndi singano ziwiri anakuphunzira atakula, kwa azakhali awo amene anali m'gulu la amayi lophunzitsidwa ndi alangizi a zapakhomo, aja boma linkawasula ku Magomero n'kuwatumiza m'midzi. Atakwatiwa ankaluka mashawelo, tizipewa ndi timasokosi ta makanda, ndipo ambiri amene ankatenga zinthuzi anali achibale ndi oyandikana nawo nyumba, amene ankalipira ndi nsomba, ndi chimanga, kapena ndi lonjezo lakuti adzapereka mwezi ukatha. Pa nthawi imeneyo sitinganene kuti anali pa bizinesi, chifukwa ulusi ankaugula ndi ndalama ya ndiwo, ndipo masiku amene ankathera pa shawelo imodzi sankawawerengera n'komwe.

Msika wa zoluka ku Mangochi uli ndi vuto limene munthu wa ku Dedza kapena ku Mzimba sangalimvetse msanga. Kuno n'kotentha, moti kuyambira Seputembala mpaka mvula itakhazikika palibe amene amafuna kuona juzi, ndipo nyengo yogulitsa kwenikweni ndi miyezi ya Meyi, Juni ndi Julayi, pamene mwera ukuomba. Ogula odalirika pa miyezi imeneyi ndi asodzi opita ku usipa usiku, amene amafuna zipewa zophimba makutu, anyamata a kabaza olawirira m'mamawa, ndi anthu a kumtunda cha ku Namwera kumene kumazizira kuposa kunyanja. Kunja kwa nyengoyi zimene zimayenda chaka chonse ndi za makanda, makamaka chifukwa ana obadwa masiku asanakwane, amene amasamalidwa mwa njira ya kangaroo, amafunika chipewa ndi masokosi ngakhale kukutentha. Palinso mizuli yoluka ndi singano ya ngowe, imene imagulidwa kwambiri mwezi wa Ramadan ukamayandikira, popeza Asilamu ndi ambiri m'bomali. Pamwamba pa zonsezi pali kaunjika, amene amabweretsa majuzi otsika mtengo kuposa ulusi wokha umene woluka angagule kuti apange juzi yofanana nayo. Woluka amene akupikisana ndi kaunjika pa juzi wamba wagonja asanayambe, ndipo malo ake ali pa zinthu zimene belo silingabweretse, monga majuzi a sukulu a mtundu umodzi, okhala ndi mizere ya sukuluyo pakhosi ndi m'mikono.

Tikumbukenso kuti ntchitoyi ilibe makwerero a m'fakitale kuno kwathu. David Livingstone atayenda m'chigwa cha Shire mu 1859 anapeza Amang'anja akupota thonje ndi kuomba nsalu m'midzi, koma luso limeneli linazilala nsalu zakunja zitachuluka. Fakitale ya nsalu ya David Whitehead, imene inatsegulidwa mu 1967 ndi kugulitsidwa ku kampani ya Mapeto mu 2003, ili ku Blantyre, ndipo ngakhale thonje limalimidwa muno m'Mangochi ndi ku Balaka, ulusi umene mayiwa amalukira ndi wa acrylic wochokera kunja, umene amakaupikula ku Limbe. Choncho woluka wa kumudzi alibe kapitawo womukweza udindo, ndipo sitepe iliyonse ayenera kuipanga yekha.

Makina ndi oda yoyamba ya sukulu

Makina oyamba anachokera ku Johannesburg, kumene mlamu wawo ankagwira ntchito, ndipo anabwera ndi anthu aja onyamula katundu wa a ku Joni. Anali makina akale a Brother, a singano 200 zotalikirana ndi mamilimita 4.5, oyendetsa ndi manja, osalira magetsi. Mayiwa anawayesa ndi ulusi wonenepa umene ankalukira pa singano ziwiri, makinawo n'kumakana kuyenda, ndipo atawakakamiza anapinda singano zingapo. Poona kuti akulimba, anawathira mafuta ophikira, amene chifukwa cha kutentha ndi fumbi anasanduka phula n'kumata zonse. Pamene ndinkawadziwa, makinawo anali atabwezedwa m'bokosi lake n'kukankhidwira kunsi kwa bedi, ndipo pamudzi anthu anali atagamula kale kuti mlamu uja anagulitsidwa chinthu chakufa.

Vuto lenileni linali laling'ono. M'makina amtunduwu muli kachitsulo kakatali kokhala ndi siponji, kamene kamapanikiza singano kuti zisadumphe, ndipo titakasolola tinapeza siponjiyo itaphwa n'kumanyenyeka ngati chikondamoyo chogona. Tinapala zotsalirazo ndi mpeni, tinamata siponji yatsopano yodulidwa molingana, tinatsuka singano imodziimodzi ndi sipiriti, tinasinthanitsa zopindika zija ndi za kumapeto zimene sizigwira ntchito kawirikawiri, ndipo tinathira mafuta a makina osokera. Kampani ya Brother inasiya kupanga makina olukira m'zaka za m'ma 1990, choncho aliyense amene ali nawo ayenera kudziwa kuti zipangizo zake zimapezeka pophwasula makina ena akufa, kapena poitanitsa kunja pa mtengo wokwera. Ulusi woyenera unapezeka kuti ndi wopyapyala uja wogulitsidwa m'mipukutu ikuluikulu yotchedwa makoni, ndipo mayiwa atauzolowera anayamba kutsiriza mbali zonse za juzi ya mwana pa tsiku limodzi, ntchito imene kale inkawatengera masabata.

Liwiro limeneli ndi limene linawapatsa mtima wolandira oda ya majuzi kuchokera ku sukulu ina yoyima payokha. Anavomera mtengo pakamwa, osalemberana, osalandira ndalama ya chikole, ndipo mpamba wogulira ulusi anaukongola ku banki m'khonde. Ndalamayo sinakwane ulusi wonse, motero anagula theka, n'kudzagula theka lina patapita milungu, osadziwa kuti ulusi wa dzina limodzi ukanyikidwa mu utoto pa nthawi zosiyana umasiyana maonekedwe. M'nyumba majuziwo ankaoneka ofanana, koma ana atandanda padzuwa panaoneka mitundu iwiri ya buluu. Choipa kwambiri chinali masayizi, chifukwa majuzi olembedwa sayizi imodzi ankasiyana, ena othina pakhosi mwana osatha kulowetsa mutu, ena mikono yolendewera. Sukulu inabweza ambiri, inalipira otsalawo mochedwa, ndipo mayiwa anabweza ngongole ija pogulitsa mbuzi.

Apa ndi pamene ndikufuna kuti alangizi anzanga aimirire pang'ono, chifukwa majuzi amenewa, kuwatenga imodziimodzi, analibe chilema. Manja a mayiwa anali aluso kuyambira kale. Chimene chinalibe ndi muyeso, popeza woluka pamanja amazolowera kuyesa chovala pa thupi la mwini wake n'kumakonza akuluka, pamene oda ya sukulu imafuna kuti juzi ya makumi atatu ifanane ndi yoyamba, ngakhale ana ake sunawaone.

Kope, sikelo ndi tepi

Tinayamba ndi kachidutswa koyesera. Ulusi watsopano ukafika, mayiwa amaluka kansalu kakang'ono, amakachapa, amakasiya kagone usiku wonse kuti kabwerere m'malo mwake, ndipo m'mawa amaika tepi n'kuwerenga masitichi (timfundo timene singano iliyonse imapanga) ndi mizere imene ili mu masentimita 10. Kufunika kwake kumaoneka ndi masamu osavuta. Ngati mu masentimita 10 muli masitichi 28, mbali ya kutsogolo ya juzi yotambalala masentimita 35 imafuna singano 98. Koma ulusi wina ukapereka masitichi 26 okha pa muyeso womwewo, singano 98 zomwezo zimatulutsa mbali yopitirira masentimita 37, ndipo ukaphatikiza kutsogolo ndi kumbuyo juziyo yakula ndi masentimita oposa 5, kutanthauza kuti yalowa sayizi ina. Woluka amene sanayese amaona kusiyanaku atamaliza kulumikiza, ulusi ndi tsiku zitapita kale.

Zonsezi zinayamba kulembedwa m'kope la sukulu la chikuto cholimba, tsamba lililonse sayizi yake: chiwerengero cha singano, mizere ya thupi, pamene mkono umayambira kuchepetsedwa, nambala ya pa chowongolera kulimba kwa masitichi, ndi kachingwe ka ulusi womwewo komatidwa pakona ndi selotepi. Anadulanso makatoni m'maonekedwe a sayizi iliyonse, kuti mbali yolukidwa aziigoneka pamwamba pake n'kuona pomwepo ngati yapitirira. Juzi yomalizidwa imakwera pa sikelo ya m'khitchini, ndipo kulemera kwake ndi kumene kumayambira mtengo. Pa ulusi woyezedwawo amaonjezerapo gawo limodzi mwa magawo khumi la wotayika, kenaka ndalama ya ulendo wa ku Limbe yogawidwa pa majuzi onse a odayo, malipiro a wolumikiza ndi kusoka, kandalama kosungira singano ndi siponji, ndiponso malipiro a tsiku lawo iwo eni. Chomalizachi chinavuta kuchilandira, chifukwa mayiwa ankaona ngati kudzilipira n'kudzibera, ndipo zinatheka pokhapokha titayerekeza ndi ndalama imene akanalipira munthu wa ganyu wokhala pa makinawo tsiku lonse.

Malamulo awiri anatuluka pa oda yowawa ija, ndipo sanawaphwanyepo. Loyamba ndi lakuti ulusi wa oda imodzi umagulidwa tsiku limodzi, ataona kuti nambala ya utoto pa makoni onse ndi imodzi. Lachiwiri ndi lakuti saluka asanalandire theka la ndalama, ndipo mgwirizano umalembedwa, mbali zonse n'kusainira pa juzi yachitsanzo imene imatsala kusukulu. Lamulo lachitatu linabwera ndi kugwa kwa kwacha. Ndalama yathu itachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pamene dola inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700 m'mabanki, oluka amene anali atalonjeza mitengo miyezi ingapo m'mbuyo analuka mwaulere kapena kuonjezera za m'thumba. Kuyambira pamenepo kotesheni ya mayiwa imanena kuti mtengowo ndi wa masabata awiri okha. Ena mwa akuluakulu a sukulu amadandaula nazo, koma amabwererabe, chifukwa akudziwa kuti majuzi adzafika ofanana.

Makina achiwiri, okhala ndi gawo lakutsogolo lotchedwa ribber limene limaluka m'munsi, pakhosi ndi m'mikono mothina bwino, anawagula ndi phindu la maoda a nyengo ziwiri, popanda ngongole.

Mbali ya mlaza

Sukulu zitatsekedwa pa 23 Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, maoda a majuzi anaima, ndipo mayiwa anabwerera ku mlaza kuti pakhomo pasagone njala. Alendo a kunyanja analinso atasiya kubwera, choncho zimene zinkagulidwa zinali mikeka ndi madengu a pakhomo. Koma malo ogona alendo atayambanso kutsegula, kuchokera ku Nkopola mpaka ku Cape Maclear, zinaoneka kuti eni ake amafuna zimene sukulu zimafuna: timikeka ta patebulo tofanana, madengu oikamo zovala okwana pakona imodzimodzi m'chipinda chilichonse, zophimbira nyale za msinkhu umodzi. Amayi a m'mudzimo ankaluka bwino kwambiri kuposa mayiwa, koma aliyense ankaluka monga mwa dzanja lake, ndipo mavenda a pamsewu ankapezerapo mwayi wotsitsa mtengo.

Mayiwa anangotenga nzeru ya katoni ija n'kuipititsa ku mlaza. Anapempha kalipentala kuti awakhomere zikombole za matabwa zolukirapo madengu, anadula kachitsulo kong'ambira masamba kuti timizere tizitambalala mofanana, ndipo utoto wa oda imodzi anayamba kuuwiritsa mu mphika umodzi. Udindo umene anaupeza pamenepa, wolandira oda, kugawa ntchito ndi kuyendera katundu asanapite, ndi umene ndimauona kuti ndi kukwera kwenikweni, koma ndi umenenso unabweretsa mkangano. Tsiku lina anabweza dengu la gogo wina amene anaposa onse pa luso, chifukwa linapitirira chikombole ndi zala ziwiri, ndipo gogoyo anawafunsa pamaso pa gulu kuti, kodi mwana wanga, unabadwa liti kuti lero uziyeza madengu anga ndi thabwa. Nkhaniyi inafika mpaka kwa a nyakwawa, ndipo pansi pake panali funso limene anthu sankalinena poyera, lakuti mayiwa amadyapo zingati pa oda iliyonse. Tinagwirizana kuti mtengo umene wogula walipira uziwerengedwa pa msonkhano, gawo la woyang'anira lizidziwika kwa onse, ndipo katundu wobwezedwa chifukwa cha muyeso azigulitsidwa pamsewu m'dzina la mwini wake osati kutayidwa. Gogo uja ndi amene tsopano amaluka zitsanzo zoonetsa ogula atsopano, ntchito imene dzanja lake limamasuka.

Msika umenewu ndi wosadalirika. Madzi a m'nyanja atakwera kwambiri mu 2024 n'kulowa m'malo ambiri ogona alendo m'mphepete mwa nyanja kuno, maoda a madengu anachepa kwa miyezi. Mlaza nawo ukupezeka kutali kusiyana ndi kale chifukwa cha minda ndi nyumba zimene zikulowa m'malo mwake, moti gulu layamba kuugula m'mitolo kwa anthu ochokera kutali.

Kuphunzitsa

Mayiwa sanayambe kuphunzitsa chifukwa chofuna ulemu. Phewa lakumanja linayamba kuwawa chifukwa chokankha makina tsiku lonse, ndipo maso anayamba kuvutika ndi ulusi wakuda madzulo. Ichi n'chinthu chimene alangizi timachinyalanyaza, koma thupi la woluka lili ndi malire, ndipo amene sanakonzekere kuchoka pa makina kupita pa kuyang'anira amatsika pa nthawi imene amayenera kukwera.

Ophunzira awo ambiri ndi atsikana amene anasiyira sukulu panjira. Samuika munthu pa makina tsiku loyamba. Amayamba ndi kulumikiza mbali za juzi, kubisa timichira ta ulusi ndi kusita mosamala, popeza acrylic akapsa ndi simbi amafooka osabwereranso, ndipo akatero amapita pa kutsuka ndi kuthira mafuta makina, kenaka kuluka zipewa, kenaka majuzi, ndipo kope la miyeso ndi mitengo limabwera pomaliza. Vuto ndi lakuti ambiri amachoka akangodziwa kuyendetsa makina, poganiza kuti amaliza, ena n'kukwatiwa, ena n'kutsatira amuna awo ku Joni, ndipo amene ayesa kuyamba paokha amagwa m'dzenje lomwe lija la oda yoyamba. Chifukwa cha ichi ndinawalangiza kuti kuwerengera mtengo kuziyamba mwezi woyamba, pa chipewa chimodzi, kuti ngakhale wochoka msanga achoke akudziwa kuyeza ulusi pa sikelo. Wophunzira amene wapindulitsa kwambiri ndi mnyamata wina amene ankakonza njinga pa sitolo, amene kuluka sakukonda kwenikweni koma makina amawamva, ndipo tsopano amaitanidwa kukadzutsa makina ena amene akhala m'mabokosi m'midzi yozungulira. Ndalama ya maphunziro ndi ya kukonza makina ndi imene imagwira pakhomopo m'miyezi yotentha.

Pamene aima lero

Chimene chikuwatsekereza mayiwa tsopano ndi mapepala. Maoda akuluakulu, a sukulu za boma zogonera konko kapena a mabungwe, amafuna bizinesi yolembetsedwa, nambala ya msonkho ya ku MRA, akaunti ya kubanki ndi malisiti ovomerezeka, ndipo ngakhale boma linakhazikitsa lamulo mu 2020 lopereka mwayi kwa amalonda ang'onoang'ono pa zogula za boma, wopanda zikalatazi salowa n'komwe pa mpikisano. Pakali pano oda zoterezi zimapita kwa anthu a m'tauni amene ali ndi mapepala koma alibe makina, amene amabwera kwa mayiwa kudzalukitsa pa mtengo wotsika. Ophunzira awonso amatuluka opanda chiphaso chilichonse choonetsa kwina. Bungwe loona za maphunziro a ntchito zamanja la TEVETA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1999, lili ndi ndondomeko yovomereza luso limene munthu analipeza kunja kwa kalasi, ndipo popeza njira yotere imadalira umboni, ndawauza mayiwa kuti asunge kope lija, mapangano osainidwa, zithunzi za katundu ndi mndandanda wa amene anawaphunzitsa.

Mayiwa akulakalaka makina achitatu, ndipo anthu akuwalimbikitsa kuti akatenge ngongole. Ine sindikugwirizana nazo pakali pano, chifukwa makina awiri amene alipo amakhala osagwira ntchito pafupifupi theka la chaka, ndipo chimene chimawalepheretsa kulandira oda yaikulu si kuchepa kwa singano koma kusowa kwa ndalama yogulira ulusi wonse nthawi imodzi. Ngongole yobweza mwezi ndi mwezi siigwirizananso ndi bizinesi imene ndalama yake imabwera m'miyezi itatu. Tagwirizana kuti ndalama imene adzalandire pogawana masheya ku banki m'khonde mu Disembala igawidwe pawiri, ina yolembetsera bizinesi ndi kutsegula akaunti, ina yogulira makoni a buluu ndi ofiirira mu Januwale mitengo isanakwere ndi nyengo yozizira, ndipo mu Febuluwale mtsikana wamkulu mwa ophunzira ndi amene adzayende ndi majuzi achitsanzo m'sukulu za ku Namwera, atanyamula kotesheni imene waiwerengera yekha.